Nsalu ya Kumaso kwa Amalume

Fodya wa bale akamafota m'chigafa sanunkha ngati amene anthu amasuta. Fungo lake ndi lolemera, lotsekemera pang'ono, losakanikirana ndi la dothi lonyowa ndi udzu wa denga wovunda. Limalowa m'zovala, m'tsitsi, mpaka m'madzi akumwa. Ndikalimva lero, ngakhale pa lole yongodutsa pamsewu, ndimakumbukira dzinja lija amayi anaikidwa kukhala nthumwi ya chipani. Ndinali mu Sitandade 4, wamakani kale ngati lero, ndipo kumsana kwanga sikunkachoka mlongo wanga Yohane, yemwe anali asanayambe kuyenda.

Tinkakhala pa esiteti ya bwana Mphadwe, chakumadzulo kwa Kaluluma. Nyumba za matenanti zinandandalikana m'mphepete mwa dambo, zonse zomata, zonse zodontha mbali imodzimodzi. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunali chigafa chake, ndipo kupitirira apo fodya yekhayekha mpaka pomwe maso alekezera. Abambo anabwera pa esitetipo akuti angolima chaka chimodzi, poti kwawo kwa amayi, kutsidya kwa dambo lomwelo, malo anali atachepa. Chaka chimodzicho chinabala zinzake, ife n'kumakula.

Utenanti uli ndi lamulo limodzi lomwe ngakhale mwana amalidziwa. Munda ndi wa bwana, feteleza ndi wa bwana, chimanga cha phoso chomwe mumadya mwezi ndi mwezi n'cha bwana, ndipo chanu chimadziwika fodya akagulitsidwa. Mukayambana ndi bwana fodya asanapite ku okushoni, mumachoka ndi mphasa ndi mapoto, fodya n'kutsala. Tinaziona ndi maso athu chaka cham'mbuyo, pamene banja lina la nyumba yoyandikana nafe linathamangitsidwa chigafa chili chodzaza. Mayi wake ankangocheukira chigafacho akuyenda, mpaka anapunthwa n'kugwetsa mtolo.

Chaka chimenecho fodya wathu anachita bwino kuposa zaka zonse. Masamba anali aakulu oti ndikanafunda limodzi mvula ikamagwa. Tinkathyola m'mawa mame asanaume, masana n'kukhala pansi pa chigafa kumasoka ndi masingano aatali. Utomoni wakuda unkamata m'manja, wosachoka ndi sopo, kotero kuti chimanga chowotcha, maungu, chilichonse chomwe wagwira chinkawawa m'kamwa. Masiku ena mutu unkazungulira, mseru uli pakhosi. Koma abambo ankayang'ana mikangala ikudzaza n'kumamwetulira okha, akuti chaka chino ndiye chotulukira pa esiteti.

Pa nsanamira ya chigafacho pankapachikidwa wailesi ya abambo, yomangidwa ndi mphira kuti mabatire asagwe. M'menemo ndi momwe ndale zinatipezera. Chipani chomwe dera lathu lonse linkachikonda chinali pafupi kusankha munthu wodzachiimira pa upulezidenti, ndipo akuluakulu awiri ankalimbirana. Maina awo enieni sankatchulidwa kwathu. Wina tinkamuti Kamvuluvulu, poti ankangotulukira paliponse ndi mdipiti wa magalimoto, nyimbo ndi zitenje. Winayo anali a Tayi, chifukwa sanaonekepo opanda tayi, ndipo akayamba kulankhula za chuma pa wailesi, azimayi ankayamba kucheza zawo.

Abambo anamukonda Kamvuluvulu ndi mtima wonse, ndipo sindingawanamizire kuti anawakakamiza. Munthuyo ankadziwa kulankhula. Ankanena kuti iye anakula ndi utomoni m'manja ngati ife, kuti wogula aliyense wotsitsa mtengo wa fodya adzamukweza ndege tsiku lomwelo, kuti feteleza adzafika pakhomo pa aliyense ngati mvula. Akafika pamenepo abambo ankasiya singano n'kuwomba m'manja, matenanti anzawo n'kuvomera kuchokera m'zigafa zawo. Panali ena ochepa omwe ankati a Tayi ndiwo akunena zotheka, kungoti pakamwa pawo n'pozizira. Amenewo ankanenedwa kuti ndi anthu ofuna kufa ndi njala mwaulemu. Amayi sankalowerera. Tsiku lina lokha, abambo atawafunsa maganizo awo, anayankha osadzutsa mutu kuti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo."

Zikanathera pa wailesi pomwepo bwenzi ndilibe choti ndikumbukire. Koma akuluakulu awiri aja aliyense ankafuna munthu wake m'dera lililonse, woti adzamubweretsere mavoti ku msonkhano waukulu wa chipani. Tsono chisankho cha chipulula cha phungu wa kwathu chinasanduka nkhondo yawo. Kamvuluvulu anasankha bwana Mphadwe. A Tayi anasankha mphunzitsi wina wa pasukulu ya kutsidya kwa dambo, munthu wochepa thupi, wa njinga yakale, wodziwika ndi kusunga nthawi. Mphunzitsi ameneyo anali amalume anga, a Phiri, mchimwene wawo wa amayi bere limodzi.

Amalume ndinkawakonda kuposa munthu wamkulu aliyense. Lamulungu lililonse masana ankabwera kwathu atamanga nzimbe pa kaliyala, n'kukhala pa kampando ka abambo kumandifunsa masamu. Ndikalakwa ankandikoka khutu mosapweteka, ndikakhoza ankanamizira kukomoka. Agogo aamuna anamwalira amayi ali aang'ono, choncho amalume ndiwo anawalera, ndiwonso anakhala nkhoswe ya ukwati wawo. Amayi akamawapatsa moni ankagwada mpaka pansi, ngakhale pamatope.

Tsiku lina masana tikusoka, anafika a Zgambo, kapitawo wa pa esiteti, atanyamula chitenje chatsopano chopinda bwino. A Zgambo anali munthu wolankhula mofatsa, Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbuka, ndipo sindinawamvepo akukalipa. Tinkawaopa chifukwa cha kufatsa komweko. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Anapereka moni kwa aliyense, mpaka kwa Yohane, kenako anaika chitenjecho pamiyendo pa amayi. Anafotokoza kuti bwana akhazikitsa komiti ya chipani ya pa esiteti, ndipo amayi asankhidwa kukhala m'gulu la nthumwi zokavota pa chipulula.

"Ine sindidziwa ndale, a kapitawo," anatero amayi.

"Palije suzgo, mama, palibe vuto," anayankha a Zgambo. "Ntchito yake n'kuima basi. Kuima mumatha."

Atachoka, amayi anatambasula chitenjecho. Panali nkhope ya Kamvuluvulu ikuseka mano onse, yobwerezedwa kanayi. Anachipinda msanga ngati chawatentha, n'kubwerera ku singano yawo. Ine ndinasangalala, mbuli ine, poganiza kuti amayi akhala munthu wamkulu.

Chimene chinali m'mutu mwa bwana chinaonekera pa msonkhano umene Kamvuluvulu anabwera yekha kudzakweza dzanja la bwana Mphadwe. Tinatengedwa pa thirakitala, tonse a pa esiteti, kupita pa bwalo la pa sitolo. Kunali ng'oma, zimkuzamawu, anyamata atapenta kumaso, azimayi akuvina mozungulira. Kamvuluvulu ndinamuona ndi maso anga, wamfupi kuposa wa pa chitenje, thukuta likuyenderera. Anatulutsa tsamba la fodya m'thumba la jekete, n'kulinunkhiza, n'kulipsompsona, anthu n'kuchita ngati apenga. Abambo anakuwa mpaka mawu anatha.

Kenako bwana Mphadwe analandira chimkuzamawu. Anati ena akufuna kupikisana nawo, koma ngakhale a m'nyumba mwawo momwe sakuwafuna. Anaitana amayi ndi dzina, Anaphiri, kuti abwere kutsogolo anthu awaone. Azimayi awiri anawagwira manja n'kuwakokera pakati pa bwalo, chitenje chija chili m'chiuno. "Uyu ndi mlongo wake weniweni wa mphunzitsi uja!" anafuula bwana. "Ngati mlongo wake ali kuno, inu mukatani kumeneko?" Nthungululu zinalira bwalo lonse. Amayi anaima chiimire, maso ali pa zala za kumapazi, manja akupotokola nsonga ya chitenje.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani pa esiteti ponse inali ya amayi ndi chipulula. Apo ndi pamene ndinamvetsa mmene chipulula chimachitikira, poti aliyense ankangokamba zomwezo. Kulibe kabokosi, kulibe kobisala. Opikisana amaima kutsogolo atafulatira anthu, amawamanga nsalu kumaso kuti asadziwe amene wawakana, ndipo nthumwi iliyonse imakaima pa mzere kumbuyo kwa amene ikumufuna. Osaona ndi awiri okhawo. Ena onse, kapitawo, alamu, anansi, ana, amaona bwinobwino. Amayi akaima kumbuyo kwa amalume, tichoka pa esiteti chigafa chili chodzaza. Akaima kumbuyo kwa bwana, akana mchimwene wawo pamaso pa dziko lonse.

Abambo ndi amayi ankakangana m'munda, pakati pa mizere, poganiza kuti masamba akubisa mawu. Ine ndinkamva ndili mzere wachitatu. Abambo ankati thukuta la chaka chonse lisapite pachabe chifukwa cha munthu yemwe sapambana n'komwe, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Amayi ankafunsa kuti abambo akadzawataya, kapena akadzamwalira, iwo ndi ana adzalowera khomo la ndani. Palibe ankamuposa mnzake, chifukwa onse ankanena zoona. Amayi anayamba kudzibaya ndi singano posoka, iwo amene ankasoka osayang'ana. Ku mjigo akazi awo a amalume anatidutsa ngati sakutidziwa, ndipo uthenga unabwera kuchokera kutsidya woti mudzi wonse ukudikira kuona ngati Anaphiri anagulidwa ndi ndowa ya chimanga.

Lamulungu lotsatira tinamva belu la njinga ya amalume kumunsi kwa dambo. Amayi anadzuka, n'kundisiyira Yohane, n'kulowa m'munda wa fodya mowerama mpaka masamba anawameza. Amalume anafika, anapatsana moni ndi abambo mwaulemu wonse wa pachilamu, ndipo anacheza za mvula ndi za mbozi. Za chisankho palibe anazitchula. Anafunsa kamodzi kokha komwe kuli mlongo wawo, abambo n'kuyankha kuti apita kuchigayo. Amalume anayang'ana kumunda nthawi yaitali, pomwe masamba ena ankagwedezeka popanda mphepo. Anamasula nzimbe, anandifunsa masamu awiri, n'kunyamuka dzuwa likadali pamwamba.

Tsiku la chipulula kunacha kuli mitambo, mvula itagwa usiku. Bwalo la mpira la pasukulu ina yapakati linali matope okhaokha, fungo la udzu woponderezedwa ndi utsi wa malole lili ponseponse. Anazunguliza chingwe kuti nthumwi zokha zilowe. Ife ena tonse tinapanikizana kunja kwa chingwecho, ine ndili kutsogolo penipeni poti ndinali katswiri wolowa pansi pa zigongono za akuluakulu. Yohane anali kumsana, akundikoka tsitsi. Abambo anaima pambali panga atavula chipewa, akuchifinya ngati chanyowa.

A gavanala a chipani, bambo wonenepa wa wenzulo pakhosi, anaimika opikisana awiriwo motalikirana, atayang'ana ku golo. Bwana Mphadwe anavala suti, amalume anavala shati yawo yoyera ya ku sukulu. Anawamanga nsalu zakuda kumaso. A gavanala analengeza kuti nsaluzo sizichotsedwa mpaka kuwerenga kutatha ndipo mizere itabalalika, kuti mawa anthu adzathe kupatsana moni. Kenako analiza wenzulo.

Nthumwi zinathamanga ngati nkhuku zoitanidwa ku madeya. Ambiri anakhamukira kwa bwana, akuimba nyimbo ya Kamvuluvulu. Kwa amalume kunapita anthu ochepa, aphunzitsi anzawo, azibambo ena achikulire, ndi azimayi a kumudzi kwa amayi, akuyenda mosathamanga. Posakhalitsa pakati pa mizere iwiriyo panatsala munthu mmodzi yekha. Anali amayi. Anaima mapazi ali m'matope, osayang'ana uku kapena uku, ndipo phokoso linayamba kuzirala. Ndinkafuna kukuwa kuti apite kwa amalume, ndinkafunanso kukuwa kuti asapite. Ndinangogwira chingwe zolimba.

Mayi wina wa ku mzere wa amalume anaitana, "Naphiri, kwanu n'kuno!" Amayi anasuntha phazi limodzi kulowera komweko, ndipo ndinamva abambo akupuma mokoka. Apo a Zgambo anatuluka pa mzere wa bwana, akuyenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo. Sanawagwire amayi. Anangoima pafupi n'kulankhula ndi mawu awo ofatsa aja, omwe anamveka mpaka pa chingwe chifukwa cha chete. "Fodya wanu wakula makora chaka chino, mama. Wakula bwino chomene."

Amayi anatseka maso kanthawi. Kenako anatembenuka n'kuyenda kupita ku mzere wa bwana. Ankafuna kukaima kumapeto, koma anthu anawalandira ndi nthungululu n'kumawakankhira kutsogolo, dzanja ndi dzanja, mpaka anakafika kumbuyo kwenikweni kwa suti ya bwana Mphadwe. Kuchokera pamenepo kukafika pomwe anaima amalume panali pafupi, poti munthu akanatha kuponya chitsononkho n'kuwagenda. A gavanala anayamba kuwerenga akugwira phewa la aliyense. Panalibe chodikira, mzere wa bwana unali utakhota mpaka ku mitengo.

Kuwerenga kusanathe n'komwe, mnyamata wina wopenta kumaso analumpha chingwe. Anathamangira kwa amalume, n'kutsomphola nsalu ija, n'kuiponya pansi. "Tatembenukani aphunzitsi, muone mbumba yanu!" anakuwa. Amalume anaphethira chifukwa cha kuwala, ndipo mutu wawo unatembenukira kumene kunali phokoso. Ine ndinali moyang'anizana nawo, ndipo ndikulumbira kuti maso awo anafika pa amayi. Anawaona, chitenje chija chili m'chiuno, ali oyamba pa mzere wa bwana. Amayi anaphimba nkhope ndi manja.

Bwalo lonse linadikira. Ena ankayembekeza kuti amalume alavula malovu, ena kuti atukwana, ndipo azimayi a kumudzi anali atayamba kale kuwomba m'manja mwa chipongwe. Amalume anawerama n'kutola nsalu ija m'matope. Sanaikung'unthe n'komwe. Anaiika kumaso, n'kuimanga okha kumbuyo kwa mutu mfundo ziwiri, madzi amatope akutsikira m'masaya mpaka pa kolala ya shati yoyera. Anayang'ananso ku golo, manja ali m'mbali.

"A gavanala sananene kuti timasule," anatero mokweza. "Ine sindinaone kanthu."

Anthu anafa nacho chiseko. Anyamata anayamba kuimba kuti mphunzitsi waopa kuona mzere wake, ena n'kumavina mowazungulira. A gavanala analengeza kuti bwana Mphadwe apambana, anthu n'kuwanyamula m'mwamba, mizere n'kusweka. M'chipwirikiti chimenecho amayi anadutsa pansi pa chingwe, anandilanda Yohane osandiyang'ana, n'kuyamba ulendo wapansi wobwerera ku esiteti, osadikira thirakitala. Nditacheuka komaliza, bwalo linali litayamba kutha anthu, koma amalume anali chiimire pomwe paja, nsalu ili kumaso, mvula yowaza itayambanso.

Ndinachita manyazi kwambiri tsiku limenelo, ndipo manyazi ake anali a amalume. Ndinkaona kuti munthu wamkulu, mphunzitsi, wadzisandutsa choseketsa. Kusukulu anzanga ankadzimanga mipango kumaso n'kumandizungulira, ndipo ndinamenyana ndi awiri. Amayi anadwala mutu masiku angapo, osatuluka m'nyumba. Atatuluka anatenga chitenje chija n'kutsekera pomwe denga la chigafa linkadontha, nkhope ya Kamvuluvulu itayang'ana kumwamba.

Lamulungu lachiwiri belu la njinga linamvekanso kumunsi kwa dambo. Amayi anali ndi mtolo wa masamba pamiyendo, Yohane ali kubere, ndipo nthawi yothawira inawachepera. Amalume anatsamiritsa njinga pa nsanamira monga mwa masiku onse. Amayi anagwada.

"Achimwene, tsiku lija ine..."

"Tsiku liti?" anawadula amalume. "Lija anandimanga kumaso lija? Ukandifunsa za limenelo ulakwa, mlongo wanga, ndinalibe maso. Tandipatsa madzi akumwa, dambo lanuli latalika."

Amayi anapita kukatunga madzi, ndipo anakhalitsa m'nyumbamo kuposa nthawi yotungira madzi. Atatuluka maso anali ofiira. Amalume anamwa, anadandaula kuti madzi athu akuwawa fodya, n'kundiitana kuti ndibwere ndi masamu.

Fodya wathu anapita ku okushoni, ndipo chilimwe chimenecho tinachokadi pa esiteti. Malo omwe tinakamangapo nyumba anali kutsidya kwa dambo, chigawo cha munda wa amalume, ndipo anatipimira okha ndi mapazi. Akazi awo anatenga nthawi kuti ayambenso kutilankhula. Anthu a m'mudzi anayesa kangapo kuwakumbutsa amalume za chipulula chija, pamaliro, pamowa, pamilandu ya m'banja. Yankho linali lomwelo mpaka tsiku lomwe anatisiya, loti iwo anali omangidwa kumaso.

Ndili mwana ndinkadziwa zinthu ziwiri, ndipo zonse zinkandikwiyitsa. Ndinkadziwa kuti amalume anaona, ndiponso kuti ananama, iwo amene ankatikwapula tikanama. Ndinkaganiza kuti anabwezera nsalu ija chifukwa choopa kuyang'ana kufupika kwa mzere wawo. Zinanditengera zaka, ndi banja langalanga, kuti ndimvetse kuti munthu akavomera kuti waona, mudzi umamukakamiza kuchitapo kanthu, ndipo mwini mbumba wokanidwa pagulu sakanaloledwa kungokhala chete. Mzere wawo amalume anali ataudziwa kale kutalika kwake asanafike n'komwe pa bwalo. Nsalu yamatope ija anaimanga kuti amayi akhalebe ndi mchimwene, ndi kwawo kobwerera.